Zathu ndi chikhalidwe, za anzathu ndi tsankho?



Lero ndikufuna ndiulule kanthu kamene kakhala kakundisowetsa mtendere kuyambira mwezi wa March. Amene mumakhala kuno kwa Dambe mukuudziwa msewu wathu wotsikira ku boma la Neno mvula ikagwa. Tsiku limenelo tinakwera lole ya kachewere, ndipo tisanapite patali matayala anatitimira m'matope. Tinatsika tonse, tinakankha, zinakanika. Ndiye tinangokhala pambali kudikira kuti dzuwa liumitseko nthaka.

Pakati pathu panali aphunzitsi ena a pulayimale, kwawo ndi ku Phalombe koma akhala kuno zaka zambiri. Anavala malaya osokedwa ndi nsalu ya Mulhako wa Alhomwe. Ine ndi pakamwa pangapa ndinangoti, "Aphunzitsi, lero mwativalira chipani?" Anthu anaseka. Iwo sanaseke. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati:

"Achimwene, paja inu munadzaza status yanu ya WhatsApp ndi zithunzi za Chiwanja cha Ayao, ine ndinakulemberani kuti zakongola. Adalaivala athuwa September aliyense amapita ku Ntcheu ku Umhlangano, akabwera timawafunsa kuti ngoma inavinidwa bwanji. Nanga bwanji nsalu yanga yokhayi ikhale chipani? Zanu ndi chikhalidwe, zanga ndi tsankho?"

Ndinasowa chonena. Ine bambo anga ndi Myao wa ku Machinga, anabwera kuno pa geni, ife tinabadwira konkuno pakati pa Angoni. Mawu oti "Achawa inu" ndawamva kuyambira ndili mwana, ndipo ndimadziwa mmene amawawira. Koma tsiku limenelo wobaya mnzake ndinali ine.

Usiku ndinawafotokozera achimwene anga amene ali ku Durban, amagwira ntchito pa galaja ya mzungu wina. Anaseka, nati funso limenelo ngakhale abwana awo amalifunsa. Akuti mzunguyo amadandaula kuti munthu wakuda akanena kuti amanyadira khungu lake anthu amamuombera m'manja, akuda akapanga bungwe la maloya akuda kapena la amalonda akuda palibe wodabwa, koma mzungu akangoyerekeza kunena zomwezo za azungu anzake amatchedwa watsankho. Ndiye amafunsa kuti chilungamo chake chili pati.

Aphunzitsi aja ndi mzungu uja sadziwana, mbiri zawo n'zosiyana kutalitali, koma funso lawo ndi limodzi: kodi sikelo imene timayezera kunyadira mtundu ndi imodzi, kapena tili ndi ziwiri, ina ya ife ina ya iwo?

Yankho loyamba limene linandibwerera ndi la mbiri. Mawu amodzimodzi satanthauza chinthu chimodzi akatuluka pakamwa pa anthu awiri amene anaima malo osiyana. Ku South Africa lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda, amene anali ochuluka kwambiri, gawo losakwana limodzi mwa magawo khumi a dziko lawo. Kuyambira 1948 mpaka 1994 tsankho linali lamulo lenileni la boma: kokhala, sukulu, ntchito, ngakhale wokwatirana naye, zonse zinkayendera khungu. Pamene Steve Biko ndi anzake ankayambitsa bungwe la ophunzira akuda la SASO cha m'ma 1968 ndi 1969, ankalankhula kwa anthu amene anauzidwa kuyambira ali ana kuti khungu lawo ndi chilema. Kuwauza kuti anyadire kunali kuwadzutsa pansi. Biko anafera m'manja mwa apolisi pa 12 September 1977. Pomwe mawu oti kunyadira uzungu, m'dziko lomwelo, anali mbendera ya anthu amene ankatseka chipata kuti ena asalowe. Munthu amene wagwa akamati "ndiime" ndi munthu amene wamuponda akamati "ndiime", mawu ndi amodzi koma zochitika ndi ziwiri.

Kuno kwathu nkhani ya Alhomwe ndi yofananako. Makolo awo ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nakagwira thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Ankatchedwa dzina lonyoza lija loti Anguru, mpaka m'zaka za m'ma 1940 Lewis Bandawe ndi anzake anamenyera kuti boma lisiye kuligwiritsa ntchito. Ambiri anasiya chilankhulo chawo chifukwa cha manyazi. Ndiye pamene Bingu wa Mutharika anayambitsa Mulhako mu 2007, anthu nayamba kusonkhana pa Chonde ku Mulanje mwezi wa October kuvina tchopa poyera, kwa munthu ngati aphunzitsi aja chinali chinthu chachikulu. Agogo awo ankabisa mtundu wawo, iwo akuuvala pachifuwa. Ine ndinaseka chinthu chimene sindinkadziwa kulemera kwake.

Koma ndikanama ndikanena kuti yankho la mbiri latha nkhani yonse. Vuto lake ndi loti woponderezedwa sakhala woponderezedwa mpaka kalekale. Mpando umasintha. Mulhako womwewo, popeza unayambitsidwa ndi mtsogoleri wa dziko ali pampando, anthu ambiri anayamba kudandaula kuti maudindo akuluakulu m'boma akupita mbali imodzi. Nthabwala yanga ija inachokera pamenepo. Ndipo si Alhomwe okha. Mu 1968 Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kukaphunzitsa kuchigawo chakwawo. Pa chisankho cha 1994 mapu a mavoti anaoneka ngati mapu a zigawo: kummwera Bakili Muluzi, pakati Kamuzu Banda, kumpoto Chakufwa Chihana. Ndipo tinene zoona, ife Ayao ndi Asilamu ambiri m'zaka khumi za Muluzi sitinkadandaula kwambiri za "wakwathu". Tinayamba kuliona tsankho bwinobwino mpando utachoka.

Ku Joni nakonso, ana a anthu amene anazunzidwa ndi azungu ndi omwe mu May 2008 anaukira alendo, anthu 62 nafa. Mu April 2015 ziwawa zinabukanso ku Durban, boma lathu mpaka linatumiza mabasi kukatenga Amalawi. Khungu linali limodzi, lakuda, koma wina ankatchedwa kwerekwere. Ndiye kukhala ndi mbiri ya kuzunzidwa sikumupatsa munthu chiphaso choti chilichonse chimene angachite m'dzina la mtundu wake ndi choyera.

Pamenepa mpamene ndinakumbukira nkhani ina imene tinaphunzira ku madrassa. Pa ulendo wina m'nthawi ya Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), mnyamata wa Amuhajirina anakangana ndi mnyamata wa Answari. Aliyense anakuwa kuitana gulu lake kuti limuthandize. Mtumiki atamva anawadzudzula, nafanizira kuitana kotero ndi za nthawi ya umbuli, nawauza kuti akusiye chifukwa ndi konunkha. Chimene chimandigwira mtima ndi ichi: mayina awiriwo, Muhajirina ndi Answari, ndi mayina aulemu, Qur'an yomwe imawatamanda. Palibe analetsedwa kudzitcha Answari. Chimene chinaletsedwa ndi kuligwiritsa ntchito dzinalo ngati likhweru loitanira anthu kuti aime mbali yako asanafunse n'komwe kuti wolakwa ndani. Maulama amachitcha chimenechi asabiyya, ndipo amafotokoza kuti kukonda anthu akwanu si tchimo, tchimo ndi kuwathandiza pa kupondereza ena. Surat Al-Hujurat, ndime 13, imatiphunzitsa kuti mitundu ndi mafuko zinaikidwa kuti tidziwane, ndipo ulemu kwa Allah umayendera kumuopa Iye.

Ndiye ine pano ndafika poti sikelo ndi imodzi, koma siyeza mawu okha. Imayeza chimene kunyadako kukuchita kwa munthu amene sali wa gululo. Ndikaona gulu lililonse losonkhana pa dzina la mtundu kapena khungu, langa lomwe, ndimadzifunsa zinthu zingapo. Kodi akufuna kupeza chimene ena ali nacho kale, kapena akufuna kusunga chimene ena akumanidwa? Kodi mlendo akafika pa mwambo wawo amapatsidwa mpando, kapena amayang'anidwa ngati kazitape? Wakwawo akaba ndalama za mankhwala m'chipatala, amamudzudzula kapena amati "musiyeni ndi wathu"? Ndipo zimene akupempha zikatheka, amene ataye ntchito, malo kapena mwayi wa sukulu chifukwa cha dzina la agogo ake alipo?

Ndi mafunso amenewa, mzungu wa ku Durban uja ndikhoza kumuyankha mosamunyoza. Akafuna kunyadira chilankhulo chake cha Afrikaans, nyimbo za makolo ake, zakudya zakwawo, palibe cholakwika, ndipo womuseka pa zimenezo ndiye watsankho. Koma akafuna gulu la ndale loti khungu loyera ndiye tikiti yolowera, afunse kaye kuti gulu lotero linachita chiyani ulendo watha m'dziko lomwelo, ndipo likufuna kuteteza chiyani lero. Mafunso omwewo ayankhenso wakuda amene wafika pampando n'kuyamba kugawa matenda a boma kwa abale ake okha.

Pa ndale napo sikuti kusonkhana kulikonse n'koipa. Anthu a kuno ku Neno akhala akulira zaka zambiri za msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza. Boma lathu lino linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, koma mpaka lero mlimi wa kachewere ndi tirigu wa kwa Dambe amagulitsa motchipa chifukwa magalimoto amaopa kukwera kuno, ndipo mayi wodwala amavutika kufika kuchipatala cha boma nthawi ya dzinja. Tikagwirizana monga anthu a ku Neno kukakamiza andale pa nkhani imeneyi, wina akhoza kunena kuti ndi zachigawo. Koma phula likadzaikidwa adzayendapo Mngoni, Myao, Mlhomwe, Mtumbuka wogwira ntchito pa chipatala cha Dambe, ngakhale mnzathu wodutsa malire kuchokera ku Mozambique. Palibe amene adzafunsidwe mfunda wake pokwera minibasi. Zimenezi n'zosiyana ndi kunena kuti "tivotere uyu chifukwa ndi wathu, ikafika nthawi yathu tidye ifenso". Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha khungu, mtundu, chilankhulo kapena chipembedzo, koma lamulo silingalowe nafe m'kachipinda kovotera.

Chovuta kwambiri ndi kudziyeza wekha. Ine ndimanyadira kuti ndine Myao. Ndimanyadira kuti makolo athu anasunga Chisilamu nthawi imene sukulu zambiri zinali za mishoni, ngakhale zinawatengera kutsalira pa maphunziro ndi kunyozedwa. Koma ngati ndikunyadira zimenezo, ndiyeneranso kuvomereza kuti mafumu ena a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda anachita nawo malonda a akapolo, ndipo ogulitsidwawo anali makolo a anthu amene lero ndimakhala nawo. Mnzanga Mngoni akamakumbukira Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, akumbukirenso midzi imene nkhondo za Angoni zinapasula. Kunyada kumene kumangokumbukira mabala athu, osakumbukira amene ife tinavulaza, ndi kumene kumasanduka tsankho mosavuta.

Ngakhale mu mzikiti momwe, tisadzinamize. Timakonda kunena za Bilal, kapolo wakuda amene anakhala muazini woyamba, koma mwana wathu akabweretsa Msilamu wa mtundu wina kuti akufuna nikah, mafunso amachuluka. Timadandaula, ndipo nthawi zina ndi zoona, kuti Amwenye ena amationera pansi, koma ife tikamati "Amwenye onse ndi choncho" tachita chomwecho. Ndi angati a ife amene tikudziwa kuti m'zaka za m'ma 1970 boma linawachotsa m'madera akumidzi n'kuwalola kuchita malonda m'mizinda yokha, chifukwa cha mtundu wawo basi? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lole ija inatuluka m'matope cha m'ma 3 koloko, titasonkhanitsa miyala ndi nthambi tonse pamodzi. Patapita masiku ndinapita kunyumba kwa aphunzitsi aja kukapepesa. Anandilandira bwino, koma sanandisiye choncho. Anati, "Achimwene, nthabwala yanu inandipweteka chifukwa mbali ina inali yoona. Alipo amene amavala nsaluyi pofuna ntchito. Koma inu simunandifunse kuti ine ndimaivalira chiyani." Kenako anandiuza za agogo awo aakazi amene ankalankhula Chilhomwe monong'ona, pokhapokha chitseko chili chotseka.

Sindikunena kuti tsopano ndayera. Chisankho chikamayandikira ndimamvabe kamtima kaja kakuti "koma uyu ndi wathu". Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo Allah sanatiuze kuti tichitaye. Chimene ndikuyesera ndi chaching'ono: ndisanatchule mnzanga kuti watsankho, ndiyambe ndafunsa ngati chimene akuchitacho ndikanachitcha chikhalidwe chikanakhala cha kwathu. Ndipo wakwathu akalakwa, ndikhale woyamba kunena, ndisadikire kuti anene a mtundu wina kenako ndiwakwiyire.

Inuyo abale anga, ndi liti pamene munadzudzulapo wa mtundu wanu pamaso pa anthu a mtundu wina? Ine ndikawerenga, zala za dzanja limodzi sizikutha.

Allah atikhululukire pamene tanyoza zolengedwa zake, ayeretse mitima yathu, ndipo atipatse mphamvu yoima pa chilungamo ngakhale chikhudze ife eni ndi abale athu. Ameen.

Wassalam alaykum.