Kodi Giyabokosi Yokonzedwanso Ikadali Yomwe Ija?

Njinga yamoto ya Triumph Bonneville T120, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1959 kuchokera ku fakitale ya Meriden ku England, inali ndi giyabokosi ya magiya anayi, chipangizo chosintha liwiro ndi mphamvu zochokera ku injini kupita ku gudumu lakumbuyo. Munthu amene wamasula giyabokosiyo pakhomo pake lero kawirikawiri amapeza mabeyaringi atatha, mano a magiya ataperepeseka ndiponso mafuta akudontha, moti amakakamizika kuikamo zida zatsopano.

Apa pamabuka funso limene wolemba wakale Plutarch analemba lokhudza chombo cha Theseus, chomwe anthu a ku Athens ankachichotsa matabwa ovunda n'kuikamo ena: kodi chinthu chimene ziwalo zake zasinthidwa chikadali chomwe chija? Mu 1655 katswiri wa nzeru zakuya Thomas Hobbes anakulitsa vutoli poganizira za munthu wosonkhanitsa matabwa akalewo n'kupanga chombo chachiwiri.

Yankho lomveka ndi lakuti giyabokosi imadziwika ndi dongosolo la ziwalo zake, ntchito imene imagwira ndiponso mbiri yosaduka ya chisamaliro chake, pakuti chitsulo chimatha koma kapangidwe kamapitirira. Pa chifukwa chimenechi, wokonzayo ali ndi udindo wouza mwini wotsatira zoona pa chilichonse chimene wasintha.