Mpanda Woŵaŵa

Munthu woyenda pa basi kuchokera ku Nkhotakota kulinga ku Nkhata Bay safuna womuuza kuti wafika ku Dwambazi. Mphuno imamuuza. Pali usipa wa pa thandala, pali utsi wa nkhuni, ndipo pamwamba pa zonsezi pali fungo la chinangwa chimene amai angovuula kumene. Alendo a kumtunda, kumene nsima ndi ya chimanga, ena amatseka mphuno ndi nsalu. Koma mwana wa konkuno amene wagonera zaka ku Joni, fungo lomwelo likampeza amameza mate.

Chinangwa chimenechi tisanachiviike chimakhala choŵaŵa, ndipo kuŵaŵa kwakeko ndi ululu wotha kupha munthu. Ife timadziŵa zimenezi, komabe timachibzala chaka ndi chaka, ngakhale mbeu ya chinangwa chosaŵaŵa ilipo. Tifuna tilingalire chifukwa chake, ndiponso ngati chifukwacho chili chotilemekeza kapena chotichititsa manyazi.

Tiyambe ndi zimene akatswiri a sayansi apeza. Mu 1991 Linda Buck ndi Richard Axel, a ku America, adatulukira m'mene mphuno imagwirira fungo. M'kati mwake muli tinthu tosaoneka ndi maso, tonga maloko, ndipo fungo lililonse lili ngati mpukutu wa makiyi otsekula ena mwa malokowo. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya maloko otere. Chifukwa cha ntchito imeneyi aŵiriwo adalandira mphotho ya Nobel mu 2004. Lilime nalo lili ndi maloko ake, koma kagaŵidwe kake nkodabwitsa: a zotsekemera ndi a mtundu umodzi wokha, pamene a zoŵaŵa alipo mitundu ngati 25. Zomera zambiri zaululu nzoŵaŵa. Tsono tingati Mlengi adaika mlonda mmodzi pa chipata cha uchi, koma gulu lonse la alonda pa chipata cha ndulu.

M'chaka chomwecho cha 2004 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wina amene sadamveke m'mawailesi. Mai Linley Chiwona-Karltun, mwana wa Malaŵi, pamodzi ndi anzao a kuno ndi a ku Sweden, adayenda m'minda ya boma la Nkhata Bay, oyandikana nafe a kutsidya kwa mtsinje wa Dwambazi. Alimi akumeneko amagaŵa chinangwa paŵiri: choŵaŵa, monga Gomani, ndi chozizira, monga Mbundumali, chimene kwina amati Manyokola. Ofufuzawo adatenga mitundu 10 yodziŵika kwambiri. Mlimi ankalaŵa kansonga ka muzu nkunena ngati uli woopsa kapena ai, kenaka muzu womwewo ankauyeza ndi zipangizo. Zidapezeka kuti mitundu 7 imene alimi ankati njoŵaŵa inali ndi ululu wochuluka kasanu kupambana mitundu 3 yozizira, ndipo muzu ukaŵaŵa kwambiri, ululunso unkakhala wambiri. Ululuwo umachokera ku chinthu chotchedwa linamarin, chimene muzu ukaphwanyika chimatulutsa cyanide.

Nzokondweretsa, komanso nzoseketsa pang'ono. Padafunika makina ndi ulendo wa ku Ulaya kuti tikhulupirire zimene agogo ankanena atakhala pa mphasa. Mau a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo aŵa adagonera zaka zambiri ndithu.

Koma chimene chatigwira mtima ndi china, chimene ofufuza omwewo adalemba kale mu 1998. Ataŵafunsa amai chifukwa chimene amakondera chinangwa choŵaŵa, chonsecho chimafuna ntchito yosenda, kuviika, kuyanika ndi kusinja, yankho lalikulu lidali lakuti choŵaŵa sichibedwa. Anyani ndi nguluwe amachileka. Mbala yodutsa usiku singazule nkumatafuna m'njira. Ngakhale ana a pakhomo sangamathyole pang'onopang'ono mpaka munda kutha njala isanafike. Ndipo amene ankaumirira kwambiri mfundo imeneyi ndi amai okhala okha, opanda mwamuna woti nkulondera munda. Munda wa nzimbe, monga tiwonera ku Dwangwa, umafuna mlonda. Munda wa mai wamasiye mlonda wake ali m'kati mwa muzu.

Nanga kodi nkololedwa kwa mkhristu kutchinga chakudya chake ndi ululu? Ife tikuganiza kuti mai ameneyu alibe mlandu. Munthu wothira mankhwala m'chakudya mobisa kuti wakuba afe ndi wopha mnzake, pakuti cholinga chake ndi imfa ndipo njira yake ndi chinyengo. Koma chinangwa choŵaŵa sichinamiza munthu. Chimalankhula pa lilime munthu asanameze, ndipo aliyense wa m'dera lino amadziŵa masamba ake. Cholinga cha maiyo nchakuti ana ake adye m'mwezi wa Febuluwale. Sadatchere msampha, adamanga mpanda, ndipo mpanda umaonekera patali.

Komabe tisafulumire kupuma, pakuti mlandu tauchotsa pa mutu wa mai wamasiye ndipo uyenera kutera pena. Mudzi umene wamasiye amadalira ululu kuposa anansi ake ndi mudzi wotani? Ambiri mwa ife timakhala naye limodzi m'Mphakati, timaimba naye pa Misa, ndipo iye pobwerera kwao amadziŵa kuti chomsungira chakudya si ife ai. Malamulo a Mose ankalamula eni minda kusiyako zina pokolola kuti mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye adzakunkhe. Kwathu kuno zaoneka ngati zatembenuka: wamasiye ndiye ayenera kudziteteza kwa okunkha.

Palinso mbali ina imene sitiyenera kuibisa. Si wakuba aliyense amene ali mbala. Tomasi Woyera wa ku Aquino adaphunzitsa kuti munthu amene moyo wake uli pa ngozi chifukwa cha kusoŵa, akatenga chongomupulumutsa, sanabe kwenikweni, popeza Mulungu adapereka za pansi pano kwa anthu onse. Tsono mpanda woŵaŵa sudziŵa kusankha. Umatchinga mnyamata waulesi wofuna ndalama za kachasu, umatchinganso mwana amene wagona masiku aŵiri osadya. Funso limeneli lilime silingaliyankhe. Lingayankhidwe pakhomo pokha, pamene mwana uja abwera masana nkupempha, ndipo ufa umene udatetezedwa m'munda uja upatsidwa ndi manja aŵiri. Tawaonapo amai ambiri akuchita zotere, kaŵirikaŵiri omwe aja osauka kupambana.

Mpanda umenewu uli ndi mtengo wake, ndiwo nthaŵi. Chinangwa choŵaŵa chimafuna masiku angapo m'madzi mpaka chifeŵe, ndi masiku enanso pa dzuŵa, kuti ululu uchoke. Njala ndiyo imalanda masiku amenewo. Mu 1981, chilala chitagwa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, mbeu zina zonse zidauma, kudatsala chinangwa choŵaŵa chokha. Anthu adayamba kudya chisanakonzeke bwino, ndiwo zolimbitsa thupi palibe. Anthu opitirira 1,000, makamaka ana ndi amai, adapuwala miyendo mwadzidzidzi, ndipo kupuwala kotere sikuchira. Nthendayi imatchedwa konzo. Dokotala Hans Rosling, amene nthaŵi imeneyo ankagwira ntchito ku Nacala, adali mmodzi mwa oifufuza, ndipo pambuyo pake adathandiza nawo pa kafukufuku wa ku Nkhata Bay uja. Ife a kunyanja tili ndi mwai umene sitiuthokoza mokwanira, pakuti nsomba zimapatsa thupi zofunika posukulutsa ululu wotsalira. Usipa wa pambali pa kondowole si ndiwo chabe.

Anthu a ku Nampula aja malilime ao sadafe. Kuŵaŵa ankakumva monga kale. Apa chinenero chathu chili ndi nzeru yakuya, popeza liwu limodzi lakuti kumva timaligwiritsa ntchito pa fungo, pa kukoma, pa ululu, pa mau, ndiponso pa kumvera. Mwana wosamva si wogontha. Momwemonso lilime, monga mtima umene umatitsutsa tikafuna kuchimwa, limangochenjeza, silingatigwire dzanja. Kusiyana kwake nkwakuti iwo aja adakakamizidwa ndi njala, ndipo palibe angaŵaweruze. Ife nthaŵi zambiri chotikakamiza ndi changu cha ndalama.

Tikunena za ufa wa pa msika. Kale mai amene adalaŵa muzu ndi yemweyo amene ankaviika, kusinja ndi kuphikira ana ake. Lero makaka ndi ufa wa kondowole zimakwera galimoto kupita ku Dwangwa, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo wodya sadziŵa munda, sadziŵanso dziŵe. Iye muzu sadaulaŵe. Akuwona ufa woyera m'beseni basi, ndipo chikomekome cha mkuyu tonse tichidziŵa. Wogulitsa akavuula lisanakwane tsiku lake chifukwa galimoto likunyamuka maŵa, wasandutsa mpanda uja kukhala msampha, pakuti wachotsa chenjezo nkusiya ululu. Isaki ali wokalamba ndi wakhungu adadalira mphuno ndi m'kamwa: adanunkhiza zovala za Esau, adadya nyama yophikidwa monga ankaikondera, nadalitsa Yakobe. Mphuno yake sidalakwe, zovalazo zidalidi za Esau. Amene adamnyenga ndi a m'nyumba mwake, odziŵa bwino chimene nkhalambayo inkakhulupirira.

Sabata lapitali tidaima pa dziŵe lina pafupi ndi nyanja, pamene mai wina wachikulire ankavuula chinangwa ndi mdzukulu wake. Mtsikanayo adali ndi changu, poti wogula ankadikira kumseu. Agogowo adatola muzu umodzi, naufinya ndi chala, naununkhiza, nkuubwezera m'madzi.

"Mawa lija anati sabweranso, agogo," adatero mtsikanayo.

"Asabwere," adayankha agogowo, akusamba m'manja. "Pakati pake mpolimba. Tivuula mkuja."