Kodi mphotho ya wofufuza wachinyamata imayamika chiyani?

Chaka chilichonse bungwe la Society for Neuroscience, lomwe linakhazikitsidwa ku America mu 1969, limachititsa msonkhano umene kumafika akatswiri a za ubongo zikwizikwi. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene amaima maola angapo pafupi ndi chipepala chachikulu chokhomedwa pabolodi, n'kumafotokozera aliyense wodutsa zimene apeza m'labotale. Ochepa chabe ndi amene amaitanidwa kukalandira mphotho. Pali Young Investigator Award, palinso Donald B. Lindsley Prize ya amene kafukufuku wake wa digiri ya PhD pa ubongo ndi khalidwe wapambana. Ina yodziwika ndi Eppendorf & Science Prize for Neurobiology, imene inayamba mu 2002: wazaka zosapitirira 35 amalemba nkhani yofotokoza kafukufuku wake, ndipo wopambana amalandira madola 25,000. Funso lakale la anthu anzeru zakuya limabukanso apa: kodi munthu amayenera kulandira ulemu pa chiyani?

Yankho lofulumira ndi lakuti pa ntchito yake. Koma ntchito ya sayansi ya ubongo sikhala ya munthu mmodzi. Mu 2005, ku Trondheim m'dziko la Norway, kunatuluka lipoti la maselo a muubongo wa khoswe amene amamuthandiza kudziwa pamene ali. Mayina oyamba pa lipotilo anali a Torkel Hafting ndi Marianne Fyhn, ofufuza achinyamata. Mphotho ya Nobel ya 2014 inapita kwa May-Britt Moser ndi Edvard Moser, atsogoleri a labotaleyo, pamodzi ndi John O'Keefe. Malamulo a Nobel salola anthu oposa atatu. Apa mphotho za achinyamata zili ndi chifukwa chomveka, pakuti zimafikitsa ulemu kwa amene amachezera usiku akuyang'ana makoswe ndi mawaya. Komabe vuto silitha: kumbuyo kwa wopambanayo kuli wosamalira nyama, wokonza zipangizo, ndi mphunzitsi amene anapeza ndalama zogulira makina.

Ena amapita patali. John Rawls, m'buku lake la 1971 lonena za chilungamo, anaphunzitsa kuti palibe amene anagwirira ntchito luso lobadwa nalo kapena banja limene anakuliramo. Chodabwitsa n'chakuti sayansi ya ubongo yomweyo inathandiza kukulitsa chikayikochi. Mu 1983 Benjamin Libet anaonetsa kuti ubongo umayamba kukonzekera kusuntha dzanja munthu asanazindikire kuti wafuna kulisuntha. Akatswiri amatsutsanabe za tanthauzo la zimenezi, ndipo kusuntha chala n'kosiyana kwambiri ndi kupirira zaka zambiri pa kafukufuku mmodzi.

Nkhani yolemera kwambiri ndi ya zimene mphotho imachita ikaperekedwa. Mu 1968 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Robert Merton, analemba kuti wasayansi wodziwika kale amayamikiridwa koposa mnzake wosadziwika ngakhale ntchito zawo zikufanana. Chizolowezichi anachitcha dzina la Mateyu, potengera fanizo la matalente la m'buku la Mateyu mutu 25, pamene wantchito wokhala ndi zambiri amawonjezeredwa ndipo wokhala ndi zochepa amalandidwa. Mu 2018 ofufuza atatu, Bol, de Vaan ndi van de Rijt, anaunika achinyamata a ku Netherlands amene anapempha ndalama za kafukufuku. Anayerekeza amene anapambana movutikira ndi amene analephera pang'ono chabe, anthu oti mamalikisi awo anali pafupifupi ofanana. M'zaka 8 zotsatira, opambanawo anapeza ndalama zoposa kuwirikiza kawiri za anzawo aja. Zili ngati minda iwiri yofanana, wina n'kuthiridwa feteleza, kenako pokolola anthu n'kumati amene anasankha munda wothirawo anali ndi maso akuthwa. Mphotho ya wachinyamata imalosera tsogolo, koma imathandizanso kuti ulosiwo ukwaniritsidwe.

N'chifukwa chake nkovuta kuiona mphothoyi ngati malipiro oyenerana ndendende ndi ntchito. Fanizo la matalente, likawerengedwa lonse, limapereka kamvedwe kena kamene mawu a Merton sanakatsindike: mbuye wa m'fanizoli sanalipire antchito ake pochoka, anawasungitsa chuma kuti achite nacho malonda, ndipo pobwera anafuna kumva mmene ayendetsera. Mphotho ya munthu amene ntchito yake yambiri ikadali kutsogolo imafanana kwambiri ndi kusungitsa koteroko. Ikamveka motere, komiti yosankha siyenera kunamizira kuti yapeza woposa onse, poti nthawi zambiri woyamba ndi wachiwiri amasiyana pang'ono zedi.

Kafukufuku wa ku Netherlands uja anapezanso kuti mbali ina ya kusiyana kwa ndalama kuja inabwera chifukwa olephera pang'onowo ankasiya kupemphanso ndalama. Chimene chinawabweza si kuchepa kwa luso koma mmene anamvera chigamulo. Pa mfundo imeneyi n'zolimbikitsa kuti mphotho ya Eppendorf & Science imalengezanso mayina a ena ofika kumapeto kwa mpikisano, ndipo nkhani zawo zimafalitsidwa pamodzi ndi ya wopambana.