MWENDO WA KUMANZERE WA BAMBO ANGA

Lachinayi lapitali, titatuluka pa msonkhano wathu wa alembi, tinakhala pakhonde mpaka usiku tikukangana za chinthu chimene palibe ndi mmodzi yemwe wa ife angachigule. Funso linali lakuti: munthu atakupatsa galimoto yaliwiro, monga Porsche kapena Ferrari, ungasankhe iti, ya magiya osintha ndi dzanja kapena yosintha yokha, imene aliyense amangoti otomatiki? Ine ndinali m'gulu la dzanja, ndipo ndinafuula kuposa onse. Ndinati munthu wongoponda moto ndi buleki sakuyendetsa galimoto, wangonyamulidwa ngati thumba la chimanga. Anzanga anandiombera m'manja. Koma nditagona tulo sitinabwere, chifukwa ndinakumbukira bambo anga.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti pa liwiro mkangano unatha kale. Mu 1989 a Ferrari anabweretsa ku mpikisano wa Formula One galimoto yosinthira magiya pa chiwongolero, ndipo Nigel Mansell anapambana nayo ulendo woyamba womwe, ku Brazil. Kuyambira pamenepo dzanja la munthu lakhala likutsalira. Mu 2013 a Porsche anatulutsa 911 GT3 yopanda ndodo ya magiya. Ogula anadandaula, ndipo mu 2017 ndodo ija inabwezedwa kwa ofuna. Eni ake sanabise kuti ya ndodoyo imachedwa: imafika pa makilomita 100 pa ola m'masekondi 3.9, pamene inzakeyo imafika m'masekondi 3.4. Komabe anthu anaigula. Taganizirani, awerengi anzanga: munthu kutulutsa ndalama zokwana kumanga sukulu, n'kusankha dala yochedwa, kuti dzanja ndi mwendo wake zipeze chochita.

Ameneyo ndiye ndinkamuikira kumbuyo pakhonde paja, ndipo sindikuti ndi wopusa. M'kugwira chinthu chovuta mpaka chikumvere muli chimwemwe chenicheni. Woimba bangwe amachidziwa, woumba mbiya amachidziwanso.

Tsono bambo anga anayendetsa lole pa esiteti ina ya tiyi kwathu ku Thyolo kuyambira ine ndisanabadwe. Ntchito yawo inali kutenga masamba pa sikelo m'minda ndi kuthamangira nawo ku fakitale. Amene sanakule m'tiyi sadziwa kuti tsamba lothyoledwa silidikira: likaunjikana nthawi yaitali limatentha, limafiira, ndipo mtengo wake umagwa. Masamba amachuluka nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndiyo nthawi yomweyo imene misewu ya m'minda imasanduka phala lofiira. Ndinakwera nawo kangapo pa tchuthi. Tikamayandikira mtsetse ankaleka kulankhula. Ankatsitsa giya tisanayambe kutsika, kuponda kalachi kawiri, kupatsa moto pang'ono pakati, ndipo lole inkalira ngati ng'ombe yokokedwa pa chingwe. Ndinafunsa tsiku lina chifukwa chake osangoponda buleki.

"Buleki imatopa, iwe," anatero. "Ukaidalira mtsetse wonse imatentha, ndipo pamene uifunitsitse ndi pamene ikukane. Giya umalowetsa udakali pamwamba. Chakudza sichiimba ng'oma."

Mawu amenewa ndawanyamula zaka zonsezi ngati umboni wanga. Ndinkati bokosi la magiya silingaone mtsetse usanafike, silingadziwe kuti usiku kunagwa chiperoni ndipo pa mlatho wachiwiri m'poterera. Munthu yekha ndiye amaona za kutsogolo. Ndinkanyadira kuti bambo anga anali ndi nzeru imene bwana wamkulu, wokhala kumbuyo m'galimoto yozizira, analibe.

Pa tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi ndi nzeru zangazi. Bambo anapuma ntchito, ndipo bondo lawo lakumanzere limatupa kukazizira; potsika ku msika wa Bvumbwe amayenda ndi ndodo. Ndinawauza za azungu ogula galimoto yochedwa chifukwa chokonda kalachi. Ndinkayembekeza kuti akondwa kumva kuti luso lawo lasanduka la mtengo wapatali. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Amaiyendetsa masiku angati pa sabata?"

Ndinati mwina Loweruka ndi Lamulungu.

"Ndiye ndi masewera amenewo. Akanandipatsa ya otomatiki, ine ndikanavina."

Ndinachita manyazi. Ndinazindikira kuti ndakhala ndikuyamikira thukuta la munthu wina, ine nditakhala pa mthunzi. Ife a pano pa koleji matenda amenewa tili nawo kwambiri: timalemba ndakatulo zokoma za khasu, koma tikaweruka palibe amathamangira kudimba. Mwini Porsche ndi bambo anga onse amaponda kalachi ndi mwendo womwewo. Woyambayo akatopa amaimika galimoto n'kukamwa tiyi. Winayo akanaimika, masamba akanafiira ndipo kapitawo akanalemba dzina. Kuvutika kosankha wekha ndi kuvutika kokusankhira wina zimafanana pa maso pokha. Ku Thyolo sitifunika buku kuti tidziwe zimenezi. Agogo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, analima pa thangata, ndipo liwu lomwelo lakuti thangata poyamba linkatanthauza kuthandizana pa ntchito mwa kufuna kwako. Khasu linali lomwelo. Chinasintha ndi amene ankanena kuti lero ulima.

Ndikanalekera pano, ndikanangosamukira ku gulu la otomatiki n'kunena kuti makina aliwonse opeputsa thupi la munthu ndi dalitso. Koma amayi anga anali pomwepo akusenda chinangwa, ndipo iwo anathyola tiyi zaka zambiri, dengu kumsana, masamba awiri ndi nsonga yake. Msana wawo nawo uli ndi mbiri yake. Ndinawafunsa ngati akanakonda makina othyolera tiyi, monga bambo akanakondera otomatiki. Sanaseke.

"Makinawo akabwera, ine ndikhala pati?"

Apa m'pamene nzeru zanga za pakhonde zinathera. Makina onse awiri amachotsa ululu, ena m'bondo, ena m'msana. Koma otomatiki imachotsa kalachi n'kumusiya dalaivala pa mpando wake, ndi malipiro ake, ndi maso ake aja oona mtsetse. Ndiponso ngakhale galimoto yotere ili ndi giya yotsika imene woyendetsa wanzeru amailowetsa yekha potsika phiri. Makina othyolera amachotsa ululu pamodzi ndi mwini ululuyo. Anthu ochepa amagwira ntchito ya gulu lonse, ndipo otsalawo amapumadi, koma amapuma ndi njala. N'chifukwa chake mu 2023 ku Kericho, m'dziko la Kenya, anthu anatentha makina othyolera tiyi. Sindikuvomereza kutentha katundu wa eni. Ndikungoti amene anayatsa motowo sanali okonda kupweteka kwa msana.

Eni minda nawo ali ndi yankho, ndipo si lopanda pake: tiyi wathu amagulitsidwa pa msika umodzi ndi wa maiko ogwiritsa ntchito makina, ndipo esiteti ikatsekedwa palibe dengu limene lipulumuke. Mwina tsiku lina adzapambana monga otomatiki inapambanira. Onani m'misewu yathu: magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, olowera pa Songwe, ambiri ndi a otomatiki, ndipo palibe amene anachita maliro a kalachi. Chimene chikundivuta n'chakuti m'nkhani yonseyi anafunsidwa maganizo ndi munthu mmodzi yekha, wogula Porsche uja. Iye atadandaula, akatswiri a ku Stuttgart anabwerera ku mapepala awo n'kumubwezera ndodo yake. Bambo anga sanafunsidwe ngati bondo likufuna kupuma, ndipo amayi sadzafunsidwa ngati dzanja likufuna kupitiriza.

Kwa anzanga a pakhonde, amene mukudikira kuti ndinene mbali yanga Lachinayi likudzali: ndikadzapeza ndalama za sukulu yoyendetsa galimoto ndidzaphunzira ya magiya a dzanja, pa chifukwa chopanda ulemerero, chakuti wodziwa imeneyi sasowa chochita akapatsidwa inayo. Ndinawapempha bambo kuti adzandiphunzitse okha. Anavomera, koma anati tidzabwereke galimoto yaing'ono ya amalume, ndipo iwo adzakhala mbali ya kumanzere, mwendo atautambasula.