Makutu athu tawabwereketsa kwa foni

Pa Nkope, kuno ku Mangochi, masiku ano nyimbo siifunikanso kukoma kuti imveke. Ingotchuka pa TikTok, mawa lake ikulira pa shopu yotchajira mafoni, pa njinga ya kabaza, ngakhale padoko pomwe amayi akuyanika usipa pathandala. Mwezi usanathe yaiwalika, yabwera inzake yofanana nayo: kagundidwe komweko ka amapiano a ku South Africa, mawu ochepa obwerezabwereza, ena oti munthu sungawatchule apongozi ali pomwepo. Ana a pulayimale akuwaloweza onsewo, akuvinira pabwalo, ife makolo tikuombera m'manja.

Nyimbo zopepera zinaliko kuyambira kale, ndipo zinkafa zokha chifukwa anthu ankadziwa kuzikana. Chondiwawa lero n'chakuti tasiya kukhulupirira makutu athu. Funsani mnyamata chomwe waikondera nyimbo. Satchula mawu ake, satchula kaimbidwe ka gitala. Amangoti, "Imeneyi ndiye ikumveka, anthu aionera kwambiri." Anthu ake ati? Sawadziwa, koma ndi amene akumusankhira chomvera.

Taonani zomwe tinawachita agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Anakalamba gitala ili m'manja, ambirife tikuwatenga ngati mkulu wongosangalatsa anthu podutsa. Mu 2016 anakaimba ku Library of Congress ku Washington, komabe kuno sitinadzidzimuke kwenikweni. Kenako mu 2020 Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zawo zakale, nyimbo ya Linny Hoo n'kufalikira pa TikTok, moti pofika kumayambiriro a 2022 inali itaoneredwa kopitirira 80 miliyoni. Apo m'pamene tonse tinayamba kuwatcha chuma cha dziko. Kodi nyimboyo inayamba kukoma chaka chimenecho? Inali yokoma kale, mawu a bambo oimbira mwana wake wamkazi, ndipo tinkaimva n'kumapitirira ulendo wathu. Tinadikira kuti alendo ativomereze, chiwerengero chikwere, ndiye tikhulupirire. Mwini nyimboyo analibe n'komwe foni yoonera TikTok. Namadingo anachita bwino, ndimuyamika. Manyazi ndi athu, amene tinafunikira mamiliyoni kuti timve chinthu chomwe chinali pakhomo.

Nanga amene mwayi wotere sunawapeze? Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, ankaliza banjo ndi Chimvu River Jazz Band mpaka mtima kuwawa, akuimba za ana amasiye ndi mavuto a anthu wamba. Anamwalira mu 1995 ali wosauka. Kuno ku Nkope, pa mishoni ya Anglican, pamaphunzira ana osaona. Ndimalakalaka mwana aliyense pamenepo atamva banjo imene ija, adziwe kuti munthu wonga iye anagwedeza Malawi yense ndi zala zake. Koma ndani wa ife ali ndi nyimbo za Namoko mufoni? Ndani angathe kuuza mwana wake kuti Daniel Kachamba wa ku Chileka anali yani?

Ngakhale beni, gule wathu wa kuno ku Mangochi, akuchepa mphamvu tikuona. Beni amafuna kuyeserera madzulo ambiri, woimba ng'oma amafuna zaka kuti dzanja likhwime. Komiti ya ukwati ikakhala pansi, ndalama yoyamba ndi ya DJ, masipika ndi mafuta a jenereta. Akuluakulu odziwa ng'oma amangobwera kudzadya, n'kubwerera dzuwa lisanalowe chifukwa phokoso lawalemetsa mutu. Mnyamata amene akanakhala pambali pawo kuphunzira ali kuseri kwa nyumba, akudzijambula akuvina kuti aone kuti amuonera ndi angati.

Ndikupempha a wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay, aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti: pitani kwa oimba ng'oma amene adakali moyo pakati pa Nkope ndi Makawa, muwajambule, muwalipire, muwapatse ana oti aziwaphunzitsa chaka chino.