M'mera Mpoyamba

Akuluakulu akati "m'mera mpoyamba," amatanthauza kuti chimanga chimadziwika chikadali katsamba kamodzi. Mwambi umenewu umandikumbutsa impso.

Pa matenda a impso otchedwa polycystic kidney disease, vuto limayamba mwana asanabadwe. Kholo likakhala ndi jini ya PKD1 kapena PKD2 yolakwika, mwayi woti mwana aitengere ndi theka. Komatu jini payokha ndi mbewu chabe. Feteleza wake ndi mapuloteni olamula maselo kuti achulukane, monga EGF, amene masiku onse amathandiza kupoletsa zilonda.

Apa ndiye pali chodabwitsa. M'timachubu tosefa magazi ta impso yodwala, zolandirira EGF zimasochera n'kukakhala mbali yoyang'ana m'kati mwa kachubu, kumene madzi ake alinso ndi EGF yemweyo. Maselo amangomva "chulukanani, chulukanani," osaleka. Khoma la kachubuko limatumphuka, kathumba kamadzadza madzi, kenaka kamadziduliratu n'kumakula pakokha ngati dzungu la pachulu.

Zaka zimapita mwini impsoyo akulima bwinobwino. Impso, imene inali yonga chibakera, imafutukuka mwakachetechete, mpaka BP itakwera kapena m'nthiti mutayamba kuwawa, nthawi zambiri munthu atapitirira zaka 30.