Fomu Ndi ya Ndani?

Awiri a muofesi imodzi yopanga mawebusayiti ndi Django anakangana: kodi nkoyenera kuti HTML izituluka mu code, wokonza maonekedwe osaikhudza?

WAMAONEKEDWE: Achimwene, ndikatsegula template ya fomu yolembetsera ndikupezamo kamzere kamodzi, form.as_table. Mabokosi, mayina ake, mawu ofiira a zolakwika, zonse zikuchokera mu Python yanu. Kuti bokosi la foni likhale pambali pa la dzina, mpaka ndikupempheni, ndidikire. Ntchito ndi yanga, kiyi ali m'thumba mwanu.

WAMAPULOGALAMU: Sindikukumanani dala, achemwali. Fomu ikalembedwa pamanja, wina amalakwitsa chilembo chimodzi pa dzina la bokosi, zimene munthu walemba n'kutayika osadziwa. Code siiwala. Ndikawonjezera bokosi pamalo amodzi, limatuluka paliponse lili ndi label yake, imene wakhungu amadalira kuti kompyuta imuwerengere. Ndiponso CSS muli nayo. Mu 2003 Dave Shea anasonyeza pa CSS Zen Garden kuti HTML imodzimodziyo ingavale maonekedwe ambirimbiri osasinthidwa.

WAMAONEKEDWE: Shea analemba HTML ija akuganizira anthu ngati ine, anasiyamo malo ogwira. Inu mwandipatsa tebulo losakwana pa foni yaing'ono. Kasitomala akaona mabokosi atapanikizana sanena kuti Python yalakwa. Amati wamaonekedwe sadziwa ntchito. Manyazi ndi anga pa chinthu chimene munandiletsa kukhudza. Chilungamo chili pati?

WAMAPULOGALAMU: Dziko linasuntha. Facebook itatulutsa React mu 2013, anthu anaseka kuti asakaniza HTML ndi JavaScript. Lero ndi angati akulemba choncho?

WAMAONEKEDWE: Ndipo mtengo wake analipira ndani? Okonza maonekedwe ambiri anangotsala ojambula zithunzi mu Figma, wina n'kumasulira mmene wafunira. Tiyeni tikhale pa Django yomweyi. Inabadwira ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, n'kutulutsidwa mu 2005, ndipo eni ake anakana dala kuti Python izilembedwa momasuka mu template, kuti munthu wosadziwa mapulogalamu azigwiramo ntchito. Mafomu ndi amene anatsalira. Mu 2017 anasamutsira ma widget ku ma template, ndipo mu December 2021, pa Django 4.0, mafomu enieniwo anatsatira. Perl nayo inachotsa CGI.pm ya Lincoln Stein, ija yotulutsa HTML ndi ma function, pa zida zobwera nayo mu 2015. Onsewa anali openga?

WAMAPULOGALAMU: Sanali openga, koma sanaletse njira yakale. As_table ikadalipo, chifukwa mafomu ambiri safuna kukongoletsedwa. Ya muofesi, yolembera katundu, mukufuna muziilemba pamanja?

WAMAONEKEDWE: Imeneyo sungani. Ndikunena ya pakhomo, imene mlendo amayamba kuona.

WAMAPULOGALAMU: Chabwino. Koma mukafufuta mzere wosonyeza zolakwika chifukwa ukuipitsa tsamba, munthu azingodina batani osadziwa chimene chakanidwa. Mukachotsa csrf_token, fomu yonse ikana. Foni ikalira pakati pa usiku, adzuke ndani?

WAMAONEKEDWE: Apatseni nambala yanga. Koma mundionetse kaye mizere yosayenera kukhudzidwayo, ndi chifukwa chake.

WAMAPULOGALAMU: Kokani mpando. Tiyambe ndi token.